Nkhope ya a Narciso

Ine Laurindo ndinajambulidwapo ku Milange, kamera n'kuphulika ndi kukongola kwanga, atsikana a ku Muloza n'kuwoloka Ruo osavula nsapato kudzatola zidutswa. Chabwino, limenelo ndi bodza. Woyamba kundijambula ndi Cremilda, mwana wa mlongo wanga, ndipo anati ndatuluka ngati mbuzi yovumbwa ndi mvula.

Cremilda anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, tsidya la Malawi. Bambo ake, alamu anga a Narciso, tinawaika komweko iye asanamere mano. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Mongue titasenza makasu, mbewu ndi ana. Manda sasenzeka. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha pabilyeti, chiphaso chija cha boma, koma chinapsera m'nyumba tsiku limene tinathawa.

Atakula, mwanayu anagulitsa nyemba za m'munda mwake n'kugula kakamera ka mabatire, kaja kokuonetsa pagalasi nthawi yomweyo. Anadziphunzitsa yekha. Dzuwa lili paliwombo sajambula, amati maso amasanduka maenje. Amakuimika pamthunzi wa khonde, zigongono n'kuzipanikiza m'nthiti mwake, mpweya n'kuugwira, kenaka n'kudina. Ife akuno tikaona kamera timauma gwa ngati tili pamzere wolandira ufa kumsasa, ndiye iye amayamba wakufunsa za mbuzi zako mpaka nkhope imasuke.

Maukwati wajambula, maubatizo wajambula, koma chimene ankafuna n'china. Anthu pofuna kumutonthoza ankamuuza kuti, "Uje wa kumsika makutu ake ndi a bambo ako." Wina n'kuti, "Chipumi chokha, ukaone mkulu wina ku Molumbo." Iye ankapita ndithu, panjinga, mumsewu wa maenje oti ng'ombe ikagwamo imatuluka chaka chamawa. Zithunzi zina ankafufuta malo akachepa, koma za azibambo amenewa ayi. Ankabwera nazo kwa ine, poti amayi ake maso anachita ng'ala, ndipo mwa amene tinkadyera mbale imodzi ndi a Narciso ndatsala ndekha.

Tsiku lina anandipeza ndikusema mpini.

"Amalume, taonani awa."

Pagalasi panali bambo wa jekete lothina, akumwetulira, mpata m'mano.

"Ee! Ndi iwowa ndendende! Kungoti bambo ako anali ataliko, papaya ankathyola atakhala pansi."

Sanaseke. "Mpata wa m'manowu analinso nawo?"

"Waukulu zedi! Nkhuku inkadutsamo ndi anapiye ake."

Anadina, panabwera nkhope ina, mano othithikana ngati chimanga chokhwima bwino.

"Nanga awa? Pokolola paja munati ndi iwowa ndendende. Munati mano awo singano sinkalowa."

"Iwe, nthawi ya nkhondo mano ankasinthasintha. M'mawa ena, madzulo ena."

Ndinaseka ndekha. Kenaka ndinatsinzina kuti ndiwafune alamu angawo. Mawu awo anabwera, akunditcha mlesi monga mwa masiku onse. Chinabwera chipewa chawo chong'ambika. Pansi pa chipewapo panalibe kanthu.

Pamene ndimatsegula maso, Cremilda anali atazimitsa kamera n'kuiika pamiyendo.

"Amalume," anatero chapansipansi, "musandinamizenso. Inunso nkhope yawo mwaiiwala, eti?"