Achemwali anga asiya kusesa

Lachiwiri lapitali ndinafika pakhomo pa achemwali anga ku Msumba, mtima n'kungoti phaa. Bwalo linali losasesa. Masamba a mango ali mbwee, zitosi za nkhuku mpaka pakhonde.

Inu akwathu kuno mukudziwa tanthauzo lake. Mayi akapanda kusesa mpaka dzuwa kukwera, ndiye kuti m'nyumbamo muli matenda kapena zovuta. Komanso achemwali angawa ndi aja amasesa ndi kutchalitchi komwe popanda wowatuma. Amayi awiri oyandikana nawo anali atabwera kale kudzazonda.

Ndinawapeza ali gwa, atakhala pamkeka, atavala chitenje chofiira, foni ili m'manja.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Kulibe kanthu, achimwene. Lero ndi Ano Novo, Chaka Chatsopano cha Matchaina. Banaba wati tisasese, tingasesere kumodzi ndi mwayi."

Banaba ndi mwana wawo mmodzi yekhayo. Amagwira ntchito m'sitolo ya Mtchaina ku Nampula, ndipo chiikireni maliro a bambo ake sanapondeko kuno. Mayi ake amamuonera pafoni basi.

Malamulo anawatumizira onse. Osasesa, osachapa, kuvala zofiira, ndipo nsomba yamadzulo osaimaliza kuti chaka chikhale cha mwanaalirenji. Tangoganizani, mwana wa msodzi kuphunzitsa mayi ake kadyedwe ka chambo!

Anandionetsanso mavidiyo. Banaba uyo m'lesitilanti ndi anzake, malaya ofiira, nyali zapepala zili lendelende, akulimbana ndi timitengo todyera, panja makombola akuphulika. Achemwali amaseka kwinaku akusisita galasi la foni ndi chala. Ine mkwiyo unayamba kundikwera.

Ndinamuimbira pomwepo.

"Mphwanga, kodi lero simukugwira ntchito?"

"Iyayi amalume, loja, sitolo yathu ija, yatsekedwa. Tili pa feriya, tikupuma mpaka sabata yamawa."

"Nanga abwana ako ali pomwepo?"

"Aaa, patarau anapita kwawo ku Tchaina. Pa chikondwererochi lamulo lalikulu n'lakuti aliyense akadyere limodzi ndi makolo ake. Iwowo ndiye salephera, ngakhale zivute bwanji."

Ndinkayembekeza kuti mwina adzimva yekha. Sanadzimve. Anayamba kundifotokozera za nyama imene ikulamulira chaka chino pa kalendala ya Matchaina.

Abale inu, ndithandizeni. Munthu watseka sitolo, wawoloka nyanja zikuluzikulu kukadya ndi mayi ake. Wantchito wake, amene akanangokwera galimoto mpaka ku Lichinga n'kutsika phiri, watsala m'tauni kumakondwerera tsiku lopita kwanu, iye osapita kwawo. Zimenezi mumazitchula chiyani?

Musandimve molakwa. Matchainawo ndilibe nawo mlandu, ndipo mwambo wawowo ndausirira. Ngati muli m'tauni, kayatseni nyalizo, kadyeni nawo, kavaleni zofiira mpaka nsapato. Chondinyansa ine ndi kasankhidwe ka ana athu. Pamwambo wa eni ake amatolapo zojambulika zokha. Zofuna kuti munthu akwere galimoto, agwedezeke pamsewu wa ku Maniamba, afike ali fumbi lokhalokha, zimenezo sazimva.

Ndipo si Banaba yekha. Yendani kuyambira ku Meluluca mpaka kuno, muwerenga n'kutopa amayi amene akulera mafoni. Amakwera pachulu kufuna netiweki, amapempha ana a eni kuti awatsegulire uthenga. Mwana akati valani ichi, amavala. Akati musasese, sasesa. Mukuganiza kuti achemwali anga amakhulupirira zoti mwayi umakhala m'zitosi za nkhuku? Ayi ndithu. Kungoti n'chinthu chokhacho chimene mwana wawo wawapempha chaka chonsechi, ndiye achikana bwanji?

Nditadula foni achemwali anandiyang'ana m'maso.

"Wati abwera liti?"

Ndinangodzuka n'kutola tsache limene linali kuseri kwa chitseko, koma anandigwira dzanja.

"Lisiyeni, achimwene. Mwina mwayi womwewo ndi umene ungandibweretsere mwanayo."

Banaba anati asasese tsiku limodzi lokha. Ndadutsakonso dzulo Lachisanu. Masamba aja awonjezekera, tsache likadali kuseri kwa chitseko, ndipo achemwali akadali m'chitenje chofiira, maso kumsewu.

Banaba mphwanga, sitolo sinatsegulidwe. Bwalo limeneli adzasese ndani?