Njinga Khumi ndi Ziwiri Pamchenga

Ndine ndinawalozera njira ya mchenga ija, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe zomwe zinali kutsogoloko. Kwathu amati inali nkhanza. Ayi ndithu. Ine ndinali ndi funso, ndipo panalibe wondiyankha.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija lofewetsa phula. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pamphambano, kufupi ndi Chia, pomwe malume anga amadikirira anthu ndi njinga yawo ya kabaza. Iwo anali atapita kukatula munthu. Ndinangoona anthu khumi ndi awiri akubwera pamzere ngati abakha, zovala zothina, zisoti zobooka kumutu. Anali a kalabu ina ya opalasa njinga ya ku Lilongwe. Akuti ananyamuka ku Salima m'mawa kuti akakhudze madzi a nyanja asanadye nkhomaliro. Wowatuma panalibe, katundu panalibe. Ngakhale kaliyala yomwe, njinga zawozo zinalibe!

Pamene ankaima ndinamva khwa! khwa! khwa! Aliyense ankapotoza kaye chidendene asanaponde pansi. Nditayang'anitsitsa, ndinaona kuti nsapato zawo zinali ndi kachitsulo kunsi, kolumana ndi pedulo ngati loko. Funso linabwera lokha: munthu womangidwa mapazi chonchi, njinga ikaima mwadzidzidzi, amatani?

Mtsogoleri wawo anali mayi wa chisoti chofiira.

"Achimwene, kunyanja kwapafupi tidzere pati?"

"Msewu wa galimoto ndi uwo, mayi, koma ndi wozungulira. Anjinga amadutsa apa."

Sindiname, malume amadutsadi pomwepo tsiku ndi tsiku. Kungoti matayala awo ndi onenepa, komanso akafika pamchenga amatsika n'kumakankha. Matayala a alendowa anali ngati chala changachi.

Galimoto yomwe inkabwera pambuyo pawo itawanyamulira madzi inatsata msewu waukulu. Iwo analowa m'kanjirako, ine pambuyo liwiro.

Kanjirako kamayamba bwino, dothi louma gwa, kotsetsereka pakati pa minda ya chinangwa. Ukangokhota pachulu, mchenga wokhawokha. Mayi aja analowamo mothamanga, tayala lakutsogolo n'kumira, njinga n'kuima njii. Anakhala choncho kanthawi ngati akuganiza. Kenako anayamba kupendekeka pang'onopang'ono, manja ali pahandulo, mapazi ali m'mapedulo, mpaka phu! Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu pamwamba pa wachiwiri. Palibe anatambasula mwendo. Amagwa mwaulemu anthu aja, ngati thumba la mpunga lomwe waliimika mopendama. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Onse anadzuka akudzisansa, kupatula bambo ena aimvi. Anzawo anawamasula mapazi, koma iwo anangokhala pansi, milomo itayera, thukuta litasiya kutuluka. Akawafunsa, ankayankha zina. M'mabotolo munali timadzi totentha ngati tiyi. Madzi ozizira anali m'galimoto ija, yomwe sikanatha kufika kuno. Apa ndiye kuseka kunandithera.

Ndinathamangira kunyumba, si patali. Mayi anga ankayanika chinangwa cha kondoole pathandala. Sanafunse zambiri. Anakhuthulira madzi a mumtsuko mundowa n'kundisenzetsa, iwo n'kutenga chitenje ndi lichero. Anawagoneka bambo aja pamthunzi, kuwafunditsa chitenje chonyowa, n'kumawakupiza ndi lichero lija.

"Pang'onopang'ono, bambo, musagugude," ankatero powamwetsa.

Ine ndinkangoyang'ana pachifuwa pawo kuti pakukwerabe kapena ayi. Patapita nthawi anatsegula maso bwinobwino.

"Nyanja yatsala patali bwanji?"

"Tiyeni tikubwezereni kumsewu, galimoto idzakutengeni," anatero mayi achisoti chofiira.

"Ndachoka ku Salima ndi miyendo yanga. Ndikafika ndi yomweyi."

Nthawi yomweyo malume anatulukira akukankha njinga yawo. Anayang'ana mizere ya timatayala pamchenga, anayang'ana alendo, kenako ine.

"Anakulozerani kuno ndani?"

Zisoti zonse zinatembenukira kwa ine.

"Iwe galu iwe, bwera kuno. Umafuna kupha anthu?"

"Ayi malume. Ndimafuna ndione ngati mapaziwo amamasuka."

"Ndiye waona?"

"Ndaona. Samasuka."

Bambo aimvi aja anaseka mpaka kutsamwa madzi. Mayi anabisa nkhope kuseri kwa lichero. Malume okha ndi omwe sanaseke. Anagamula pomwepo kuti njinga zonse khumi ndi ziwiri ndiziolotse pamchengapo mpaka kugombe, ndekha, ndipo masilipasi anga anawaika m'thumba mwawo kuti nanenso ndilawe zomwe ndinawakonzera anzanga.

Alendowo anavula nsapato zawo zazitsulo n'kuyenda ndi masokosi, bambo aja pakati, dzanja limodzi lili paphewa la malume. Atafika sanavule kanthu. Analowa m'madzi mpaka m'khosi, zisoti zili kumutu.

Ine ndinayenda maulendo asanu ndi umodzi, njinga ziwiriziwiri pamapewa, mchenga ukuotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinkathamanga kuchoka pamthunzi kufika pamthunzi, ana a asodzi akundiimbira m'manja. Koma zomwe malume sankadziwa ndi zakuti njinga zija sizilemera n'komwe. Ya malume ija imalemera kuposa zitatu. Lolemba ndinapita kusukulu ndikuyendera zidendene, matuza mapazi onse, koma m'Fomu 3 monse ndine ndekha ndinanyamulapo njinga ndi chala chimodzi.