Dzina la Gomezgani Pansi pa Nsikidzi

Gomezgani Luhanga ankalondera pageti ya sukulu ina ku Doha, koma mukamufunsa ntchito yake ankati ndi wasayansi. Sayansi yakeyo inali zaka zitatu zotsuka mabotolo mu labu ya sekondale ina ku Mzimba. Kumeneko mphunzitsi wina anamuuza kuti kachilombo kopanda kapepala konena komwe kagwidwa, tsiku lake ndi dzina la wokagwira, n'chinyalala chabe. Mawuwa anawasunga kuposa malemba.

Mu 2016 anamva kuti kampani ina yopopera tizilombo ikufuna munthu wa mu labu. Chotsala chinali kalata yoti abwana ake amumasule, imene onse amangoti NOC. Popanda kalatayo munthu amakalambira pageti. Ndiye Gomezgani anati adzionetse kwa abwanawo kuti si mlonda wamba.

Anagula kakabati ka pambali pa bedi kumsika wa katundu wakale ku Najma. Anakaboola pamwamba, n'kumatapo kagalasi kochotsa mu tochi ya leza, foni n'kuigoneka pagalasipo. M'kati anaikamo babu, n'kulivindikira ndi kapu yapepala yomwera tiyi kuti kuwala kufewe. Kachilombo ankakakweza ndi kukatsitsa popotokola bawuti. Tisamunamizire, chinthucho chinkagwira ntchito. Mwendo wa nyerere unkaoneka ngati wa mbuzi, ubweya ndi ubweya.

Ovutika anali anzake asanu a m'chipindamo. Makina oziziritsa akamalira chithunzi chinkanjenjemera, choncho iye ankangowazimitsa, mu Julaye, dzuwa lili paliwombo.

"Achimwene, yatsani AC, tipsa muno," anadandaula Mussa, dalaivala wogona bedi la pamwamba pake.

"Two minutes, sabr, pirirani. Ndipo musamatembenuke, mukugwedeza specimen."

Posakhalitsa chipinda chonse chinayamba kudzikanda. Munthu wabwinobwino akanada nkhawa, koma Gomezgani anakondwa ngati watola chikwama. Sabata yathunthu anajambula nsikidzi: yaikazi, yaimuna, ndi mazira ake oyera mbee ngati mpunga. Zithunzizo anakazitsukitsa, chilichonse ndi kapepala kake, kenako n'kukaitana abwana oyang'anira alonda kuti adzaone zomwe matiresi akale a kampani akuwachita anthu. Mumtima ankati akangoona luso lotere, kalata ija asayina tsiku lomwelo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Abwanawo anabwera Loweruka masana. Anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi, akugwedeza mutu.

"Mashallah. Wajambula wekha?"

"Ndekha, sir, ndi machine iyi," anatero Gomezgani, akusisita kabati ngati mwana wake.

Abwana anafika pa chithunzi cha mazira, choyamba kujambulidwa pa zonse, n'kuwerenga kapepala kake mokweza. Malo: mumng'alu wa kabati. Wogwira: G. Luhanga. Tsikunso linalipo, masiku awiri chigulire kabatiyo. Anagwada, anatsegula kachitseko, n'kuunikamo ndi foni. Munali mudzi wathunthu. Kukhomo kwa chipindacho kunali chikalata chakalekale choletsa kulowetsa mipando ya kumsika.

Atachoka abwana, Mussa anatsika pabedi pang'onopang'ono, mikono ili zidzolo zokhazokha.

"Ndiye mumadziwa, achimwene?"

"Ndimati mwina zachita kusamukira mmenemo."

"Nanga bwanji simunangolemba kuti matiresi?"

Gomezgani anamuyang'ana modabwa, ngati wamutukwanira mayi ake.

"Ndilembe zabodza pa label?"

Munthu wotere umasowa pomugwira. Anali wokonzeka kunamizira matiresi ndi pakamwa, koma cholembera ayi.

Kabati inakatayidwa m'bini tsiku lomwelo, babu ndi bawuti zomwe. Za kalata ija palibe anazitchulanso, ndipo ntchito ya mu labu anaitenga wina. Zinamupweteka kwambiri, moti mwezi wathunthu sanatchule sayansi.

Koma chithunzi chimodzi abwana anachikonda. Anachikulitsa n'kuchimata pamasitepe a nyumba zonse za kampani ngati chenjezo: nsikidzi yaikulu ngati mbale, pansi pake kapepala kake osachotsamo kanthu. Gomezgani akadali pageti. Mussa akuti m'mawa uliwonse, potsika kukakwera basi ya kuntchito, mkuluyo amaima pamasitepe n'kupukuta fumbi pamene pali dzina lake.