Telala Amene Anaphunzira Kunyamula Mkazi Wake

A Fulansisi Mbewe anali telala wa pakhonde pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, munthu woonda moti tinkawaseka kuti mphepo ya mu Julaye ikadzakula tidzawamangirira kumakina awo. Chinthu cholemera chimene ankanyamula pa moyo wawo chinali simbi ya makala. Salaula, zovala zogwiritsidwa kale ntchito zochokera kunja, itadzaza msika, ntchito yawo inangotsala yochepetsa mathalauza a eni ake, koma sankadandaula. Kunyumba kunali a Sesiliya, mkazi wawo, mayi wathupi ndiponso wapakamwa, amene ankawaseketsa ngakhale tsiku lopanda ndiwo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dolika, anakwatiwa kutali ku Kitwe.

Mu 1995 a Sesiliya anagwa ali pamtondo, miyendo n'kufa. Atatuluka m'chipatala, kuwachotsa pamphasa kuti akasambe kapena akaothe dzuwa kunkafuna anthu awiri. A Fulansisi atayesa okha, msana unalira, onse awiri n'kugwera pansi. Mbiri inafika kumudzi kwa a Sesiliya ku Chipangali, ndipo a Sankhani, mlongo wa a Sesiliya, anabwera.

"Alamu, mbumbayi ndi yanga," anatero a Sankhani. "Tikagulitsa thonje ndibwera ndi galimoto kudzamutenga. Kumudzi kuli manja ambiri."

Mwambo unali kumbali ya a Sankhani. Koma nyumba yopanda mawu a a Sesiliya inkawaopsa a Fulansisi kuposa njala.

M'mawa mwake anapita kwa Yohane, wowotcherera zitsulo, amene kuseri kwa shopu yake anyamata ankalimbitsirako thupi. Chitsulo chawo chinali ekiselo ya ngolo, uku ndi uku zitini za penti zodzaza simenti. Anyamatawo ataona telala akuvula jekete anagwira nthiti.

Yohane sanaseke. Anachotsa zitini zonse n'kusiya ekiselo yokha. A Fulansisi anawerama monga amaweramira mwana aliyense wa mlimi, miyendo chilili, msana utapindika.

"Iyayi, atate, mukupalira kodi? Chitsulo si khasu. Pindani mawondo, msana uwongoke, chifuwa patsogolo. Chitsulo chizikhula miyendo pokwera. Kokani mpweya, muusunge, kenako kankhani nthaka ndi zidendene."

Anawafunsanso zimene amadya, ndipo atamva anapukusa mutu. "Tiyi ndi banzi sizimanga munthu. Nyemba, nsinjiro, kapenta, ndi mazira tsiku lililonse."

Pa mazirapo m'pamene panavuta. Kwa a Fulansisi dzira linali nkhuku ya mawa, ndipo kulidya kunali kuwononga chiweto. A Sesiliya ndiwo anathetsa mlandu ali chigonere.

"Idyani, bambo a Dolika. Anapiye sadzandinyamula."

Anadya. Dzinja lonse ankayamba kwa Yohane asanatsegule makina. Manja ozolowera singano anatuluka zikang'a. Zitini zing'onozing'ono zinalowa pa ekiselo, kenako zazikulu, pang'onopang'ono, chifukwa Yohane sankalola kuthamangira. Sananenepe ayi, anakhalabe bango lomwe lija, koma linali bango losapindika.

Thonje litagulidwa, a Sankhani anafikadi ndi galimoto yobwereka, matiresi atayala kumbuyo. Ife oyandikana nawo tinaima kumpanda, mitima ili m'mwamba, chifukwa nafenso sitinkafuna kuti mayi aja achoke.

A Fulansisi analowa m'nyumba osaitana munthu. Tinawaona pakhomo akupinda mawondo pambali pa mphasa, msana uli chiwongokere. Anakokera mkazi wawo pachifuwa, anakoka mpweya, n'kudzuka naye. Anatuluka bwinobwino, anaipitirira galimoto ija, n'kukawakhazika a Sesiliya pampando pansi pa mtengo wa mango.

A Sankhani anayang'ana mlamu wawo, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Achimwene," anatero a Sesiliya akukonza chitenje, "matiresiwo tsitsani, ndiwafuna. Koma ine ndili naye wondinyamula."