Phewa langa linathera pa paipi ya mthandala

Mnansi wanga anandifunsa dzana kumjigo kuti bwanji ndimasenza ndowa ndi dzanja lamanzere lokha, kodi lamanjali ndinabwereka? Ndinangoseka, koma lero ndikuuzeni, ndipo si nthano ayi, zinandichitikira ine ndemwe zaka zitatu zapitazo tikuchita lendi pa Boma.

Nyumba yoyandikana nafe munkakhala nesi wina wochokera ku Lilongwe, wosakwatiwa. Anapempha abambo akunyumba, poti ndi owotcherera, kuti amuimikire chitsulo pakhonde, ati ndi cha gule wina wapafoni, wozungulira pa chitsulo miyendo ili m'mwamba. Zimenezo sizinandipweteke. Chinandipweteka n'choti tsiku lililonse pachakudya abambowa ankangoti mtsikana uja ndiye ali ndi mapewa, amalendewera ngati mleme. Nanga ine wosinja mpunga chiyambire ndili mwana ku Lupembe, mapewa anga ndi a nkhuku?

Ndinapita kwa nesi uja ngati kukapempha mchere, n'kumufunsa chinsinsi cha mapewa akewo. Iye, mosabisa chilichonse, anati anatha miyezi isanu ndi umodzi asanazondoke, akungonyamula mabotolo a mchenga, kukoka lamba wa mphira ndi kulendewera pang'onopang'ono kuti phewa ligwire. Anati mphamvu ya munsi ndi ina, yolendewera ndi ina, ndipo ndizibwera tizichitira limodzi. Ine ndinamva ngati akundinyoza.

M'mawa mwake onse atapita kuntchito, ndinakhazika mwana wanga pamkeka, ndinagwira paipi ya mthandala woyanikapo zinthu kuseri kwa nyumba, n'kuponya miyendo m'mwamba monga ndinkamuonera nesi uja. Ndinangomva kuti phu! m'phewa, ngati akuthyola mwendo wa nkhuku. Dzanja linafa pomwepo. Ndinatsala chadodolido, mwendo umodzi utakola paipi, ndipo poyang'ana pansi ndinaona mwana wakwawa, ali pansi pa mutu wanga penipeni akundisekerera. Anzanga, mungatani? Kusiya paipi ndimuphwanya. Ndinadzikankhira kumbali n'kugwera phewa lomwelo pa simenti.

Amene anandiperekeza kuchipatala n'kundisungira mwana ndi nesi yemweyo, nditamuimbira foni kuntchito, ndipo abambo akunyumba akumuyamikirabe mpaka lero. Pano ndimakhulupirira kuti sankandinyoza, ankanena zoona, koma kumukonda ndiye sindinganame, zimandivutabe.

Amayi anzanga, mukamva mwamuna akutama phewa la wina, musakayesere lanu pa paipi. Ine mpunga wa chaka chimenecho ku Lupembe unadyedwa ndi mbalame wosakolola, mwana anasiya kuberekedwa asanayambe kuyenda, ndipo munsi sindinaugwirenso.