Buledi Wotentha wa a Elena

Amene anakwerako ku Mphunzi kukaona zojambula za makolo pamiyala, nagona m'matenti m'tsinde mwa phiri, anadyako buledi wa a Ignasio Zilole. Ndi bambo wamfupi, wa ndevu za imvi, wolankhula pang'ono ngati mawu amachita kugula. Ntchito yawo ndi yophikira alendo amene kampani ina ya ku Lilongwe imabwera nawo mvula ikatha. Zida zawo ndi zitatu: sitovu ya gasi, silinda yake, ndi kauvuni kachitsulo kosanjika pamwamba pa sitovu, kokhala ndi galasi pachitseko loonera zam'kati.

Chaka choyamba buledi anawakana. Chisanu cha ku Dedza mu Juni sichiseka ndi munthu, nanga ufa chingaumvere chisoni? Ankakanda, kuthira yisiti, kudikira mpaka maso kufiira, koma ufa uli duu m'beseni. Zotuluka mu uvuni zinali njerwa. Anawapulumutsa ndi akazi awo, a Elena, mayi wophika zigumu mumphika, makala pansi makala pamwamba, amene chibadwire sanagwirepo sitovu ya gasi.

"Bambo a Zondiwe, ufa uli ngati khanda," anatero a Elena. "Mukuusiya pamphepo wosafunda, ndiye ukule bwanji? Tengani chitenje changa chobiriwirachi, mukafunditse beseni, muliike m'tenti pamene dzuwa likuwomba."

Ulendo wotsatira ufa unafufuma mpaka kukankha chitenje. Alendo anamujambula buledi uja asanamudye, ndipo ntchito ya a Ignasio inakhazikika kuyambira tsiku limenelo. Atafika kunyumba n'kufotokoza, a Elena anaseka, kenako anati, "Changa ndi chimodzi. Tsiku lina mudzandiphikire wa mu uvuni wanuwo, ndidye akadali wotentha."

Zotsala ankawabweretsera ndithu, koma kuchoka kumatenti kufika kumudzi ndi mtunda wa maola awiri, ndipo buledi ankafika atazizira. A Elena ankadya, n'kuthokoza, n'kuwonjezera kuti wozizira amapezeka ndi ku golosale komwe, iwo akufuna wofuka nthunzi.

Chopweteka n'chakuti uvuniwo unkagona m'nyumba mwawo momwemo. Mvula ikayamba alendo amasiya kubwera, choncho a Bonifasi, dalaivala amene ankatsogolera maulendowo, ankasiya zida zonse kwa a Ignasio kuyambira Novembala mpaka Epulo. Zinkakhala pakona, zitavindikiridwa ndi thumba. A Elena ndiwo ankazipukuta fumbi. Nthawi zina ankagogoda silinda ndi chala.

"Muli gasi umu," ankatero.

"Ngwa alendo."

"Nanga ine?"

"Inu ndinu eni mudzi. Mlendo ndi mame, mayi a Zondiwe, sachedwa kukamuka. Inu muli pompano. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo idzafa isanatsegule maso," ankayankha a Elena, n'kubwezera thumba pamalo pake.

Kunena zoona, kukhulupirika kwina kumapweteka a m'nyumba. A Ignasio analeredwa ndi bambo amene ankati chinthu chosungitsidwa sichitsegulidwa, ndipo iwo anagwira mawuwo ndi manja awiri. Sanabepo ngakhale supuni ya shuga. Kufunsa nakonso ankachita manyazi, poopa kuoneka ngati akulakalaka za eni. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha motero, dzinja lililonse uvuni uli pakona, a Elena akuphika zigumu zawo pamakala.

Chaka chachisanu ndi chitatu nsima inayamba kuwakakamira a Elena pakhosi. Ankanamizira ufa kuti ngwokhakhala. Anasamukira ku phala, kenako phala nalo linayamba kubwerera. Mu Ogasiti anawagoneka kuchipatala ku boma, ndipo madokotala anati ndi chotupa cha kummero, chinali chitakula kale. Wowadikirira anali mwana wawo wamkazi, Zondiwe. A Ignasio ankapita kukazonda n'kubwerera kuphiri, chifukwa alendo anali atadzaza matenti.

Lolemba lina m'mawa foni inalira akukanda ufa. Anali Zondiwe.

"Ababa, amayi akufunsa za buledi wawo uja. Akuti mukudziwa."

A Ignasio anasamba m'manja, n'kupita kumene a Bonifasi ankatsuka galimoto. Anavula chipewa. Anayamba kutali, za matenda, za zaka zimene agwira ntchito osalakwitsa, mpaka anafika pa pempho lawo: kubwereka uvuni tsiku limodzi lokha, gasi adzabweza.

A Bonifasi anasiya chinsanza n'kuwayang'ana. "Madala, mpaka kuvula chipewa? Kodi dzinja lonse simuphikira kunyumba? Ine ndimakusiyirani silinda yodzaza dala, kuti inu ndi mayi muzimwera tiyi. Ndinkangodabwa kuti mumaidzazitsanso bwanji msanga chonchi."

A Ignasio anakhala pansi pafupi ndi tayala, chipewa chili m'manja. Panalibe amene anawakaniza chinthu chija zaka zonsezo. Anadzikaniza okha, nawakaniza akazi awo.

A Bonifasi anapakira zida m'galimoto n'kuwaperekeza mpaka kuchipatala. Kuseri kuli malo ophikira odikirira odwala, kumene amayi amayala mafuwa m'mizere, utsi uli tolo. Ataona bambo akutsitsa silinda, ena ananyamula mapoto awo n'kuthawira kumpanda, akukuwa kuti chiphulika. A Ignasio sanawalabadire. Analumikiza paipi, anaipaka thovu la sopo kuona ngati ikutulutsa mpweya, anayatsa, moto wabuluu unabwera mwakachetechete. Anakanda ufa watsopano, anaufunditsa chitenje chija, chimene tsopano chinali chitasuluka, n'kuika beseni padzuwa.

Amayi aja anabwerera mmodzimmodzi. Wina anafunsa ngati mkazi wa bambo ameneyu ali ndi mankhwala achikondi, popeza iye amuna ake ngakhale madzi sadziwa kuwiritsa. Anzake anaseka. A Ignasio anagwada patsogolo pa galasi la uvuni, akuyang'ana buledi akufiira, akuchepetsa moto pang'onopang'ono kuti asapserere pansi. Pa buledi yense amene anaphikapo pamoyo wawo, uyu ndiye ankamuopa.

Anamutulutsa dzuwa litapendeka, anamukulunga m'chitenje, n'kuthamanga naye kuwodi ngati mnyamata. A Elena anali atatsamira pilo, atatha thupi, manja ngati timitengo. Chimene anayamba kuona ndi nsalu.

"Chitenje changa chikadalipo?"

"Chilipo. Mayi a Zondiwe, buledi wanu uja ndi uyu."

Ananyema, nthunzi inakwera pakati pawo. Anatapa kofewa ka m'kati, kochepa ngati njere ya chimanga, n'kuwaika palilime. A Elena anatafuna nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire. Anayesa kumeza. Anayesanso. Kenako chifuwa chinawagwira, Zondiwe anawadzutsa n'kuwapukuta pakamwa, ndipo kanthu kaja kanatsala pansalu.

A Ignasio analira, pamaso pa odwala onse ndi pamaso pa mwana wawo.

"Musandichititse manyazi," anatero a Elena mpweya utabwerera. "Bweretsani kuno."

Anamukumbatira buledi uja pachifuwa, chitenje ndi zonse, n'kutsitsa mphuno. Anakhala choncho akununkhiza.

"Ndiye alendo anu amadya bwino chonchi?"

"Ndinachedwa, mayi a Zondiwe."

"Eya, munachedwa," anatero a Elena, pakuti bodza sankalidziwa. "Koma wafufuma bwino. Ndipo akundifunditsa, muno mumazizira."

Sanalole kuti wina awalande mpaka buledi atazizira. Anamwalira Lachinayi, n'kuikidwa kumudzi kwawo Loweruka.

A Ignasio akuphikirabe alendo ku Mphunzi. Sanasinthe kwenikweni, kupatula kuti mwambi wa mame uja sautchulanso, ndipo wina akaunena iwo amadzuka n'kukaona moto. Buledi woyamba kutuluka mu uvuni sapitanso kutebulo la alendo. Amamunyemera amayi otunga madzi ndi abambo onyamula katundu, n'kuwaimirira pomwepo, akuwakalipira kuti adye msanga asanazizire. Alendo amadikira wachiwiri.

Dzinja uvuni umabwerera pakona paja, koma thumba analichotsa. Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi amayatsa sitovu n'kuphika buledi mmodzi. Zondiwe anawapezapo tsiku lina atakhala pakhonde, buledi ali m'chitenje pachifuwa, tiyi akuzizira pambali.

"Ababa, idyani akadali wotentha."

"Ndidya," anatero a Ignasio.

Anadikira mpaka nthunzi yonse itatha, anagwira pamwamba ndi chikhatho kuti atsimikize, ndipo pamenepo m'pamene ananyema. Chichokere kuchipatala kuja sanalawepo buledi wotentha.