Khoma la Kum'mawa la a Menashe Buzaglo

Zija mwamva zoti a Menashe Buzaglo a ku Bat Yam analapa atakalamba n'zabodza. Munthu amene moyo wake wonse wayendetsa takisi pa Sabata, ndudu ili pakamwa, kutukwana aliyense wowoloka msewu, alape lero?

A Menashe saopa Mulungu, amaopa kutchedwa wopusitsidwa. Pamsewu sanalolepo galimoto kulowa kutsogolo kwawo. Pamsika amafinya tomato aliyense mpaka wogulitsa kuwapempha kuti angopita. Atapuma pantchito, anadzuka tsiku lina ali katswiri wa zojambula. Anabwera kuchokera kumsika wa zakale ku Yafo atakupatira chithunzi cha mizeremizere, ati cha mmisiri wotchuka uja amene zithunzi zake zimasintha munthu akamadutsa: uli kumanzere ukuona zozungulira zofiira, kufika kumanja zasanduka makwerero abuluu. Anachipachika pakhoma la kum'mawa, poti makoma enawo anadzaza ndi kabati ndi nkhope za zidzukulu.

"Ndiye chikusintha pati?" anafunsa akazi awo, a Zehava.

"Maso akowo anazolowera mapoto. Chili ndi poimira pake."

Poimirapo anayamba kupafuna m'mawa uliwonse. Pabalaza pawo n'pothina, munthu sungayende, ndiye ankangoima pamodzi n'kumagwedezeka: kuweramira kutsogolo, kubwerera, kupendekera uku ndi uku, milomo ikung'ung'udza. Zong'ung'udzazo zinali zotukwana amayi ake a munthu amene anawagulitsa chithunzicho. Koma wa kutsidya kwa msewu, akaona pawindo mkulu wa imvi akugwedezeka atayang'ana kum'mawa, ku Yerusalemu, monga amachitira anthu a kumeneko popemphera, aganiza chiyani?

Nkhani inafika kwa a Rahamim, osamalira kasunagoge ka pakona. Iwo anali pamavuto: pemphero la gulu siliyamba popanda amuna khumi, ndipo imfa inali itawasiyira asanu ndi anayi. Anakwera masitepe akupumira m'mwamba.

"Menashe, m'bale wanga, ukupemphera mobisala ngati wakuba bwanji? Takuona."

A Menashe anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana akazi awo, amene anali atatsamira chitseko cha kukhitchini, mpeni wa nkhaka uli m'manja.

"Auze, wokondedwa," anatero a Zehava. "Auze zimene umachita pakhomapo."

Akanangoyankha zoona, pofika masana onse a matakisi mpaka ku Holon akanakhala akugwa ndi phwete pa khofi. A Menashe anayankha motsitsa mawu.

"Zinthu ngati zimenezi, Rahamim, munthu salengeza."

A Rahamim anawapsompsona pamphumi, misozi ili lengelenge. "Ubwere mawa dzuwa likamatuluka. Kachipewa kopempherera tikubwereka."

"Mum'bwereke ndi magalasi omwe," anatero a Zehava, n'kubwerera ku nkhaka zawo.

Ndiye muwaone masiku ano. Amatsika masitepe maso ali psuu, kachipewa kobwereka katakhala pambali, buku akutsegula pamene ena akutseka. Kugwedezeka kokha ndiye palibe wowaposa, mpaka akuluakulu amaloza achinyamata kuti aphunzire. Akabwerako amadutsa pabalaza pang'onopang'ono, diso lili pakhoma, kuti mwina lero. Mlendo akafunsa, amamuuza kuti waima polakwika.

Zoona zake n'zakuti chithunzicho ndi pepala losalala lodindidwa pamakina wamba, ndipo a Menashe alolera kudzukira m'mamawa mpaka imfa kusiyana n'kuti avomere.